Ketulo ya Mwazini

A Twaibu anafika pamzikiti nkhungu isanachoke pamapiri, akuyenda ngati munthu amene wawina mlandu. Ndipo anali atawinadi. Dzulo lake komiti inali itauza Jafali kuti asapondenso pamzikitipo mpaka ziyala, mwambo waukulu wa pachaka wa Asilamu, utatha.

Kwa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, a Twaibu ndiwo anali mwazini, woitanira anthu ku mapemphero, pa kamzikiti aka kumtunda kwa Mayani. Mawu awo ndiwo ankadzutsa mudzi kuti ukaswali. Pa sikiri, pamene amuna amazungulira akutchula dzina la Allah mpaka chifuwa kuwawa, iwo ankakhala omaliza kutopa. Nyamakazi inawapinda zala, koma swala ya m'bandakucha sanaiphonyepo. Shehe Bwanali anali atakalamba, ndipo analengeza kuti pa ziyala adzapereka mbendera yobiriwira kwa amene adzatsogolere gulu m'malo mwawo. Nanga mbenderayo ikanayenera yani?

Koma taonani zimene nkhalambayi inkachita. Maso ake onse anali pa Jafali. Jafali wogulitsa mbatatesi pamsewu! Munthu wofika mochedwa, woima mzera wakumbuyo pafupi ndi nsapato, wosatha kuimba nyimbo ya kasida ngakhale imodzi mpaka kumapeto. Iyeyu akangolowa, Shehe ankamwetulira. Mwezi watha anafika pomupatsa tasibihi yawo yopempherera ya mikanda yakuda, imene a Twaibu anaisirira kwa zaka zambiri. Tsiku limenelo a Twaibu sanadye. Nsanje inawagwira, ndipo sanachite nayo manyazi.

Chowawa kwambiri chinali chakuti iwo ankadziwa zimene Shehe sankadziwa. Shehe ankakonda kuphunzitsa kuti walii, bwenzi la Allah, salengezedwa pachimkuzamawu. "Allah amabisa abwenzi ake pakati pa anthu wamba," ankatero. "Ukhoza kuswali naye pamkeka umodzi osamuzindikira." A Twaibu akamva zimenezi ankaweramitsa mutu modzichepetsa kwambiri, poti ankadziwa kuti wonenedwayo ndi iwo.

Umboni anali nawo. Kuseri kwa mzikiti, pamwala umene anthu amakhalapo potawaza, kusamba m'manja, kumaso ndi kumapazi asanaswali, iwo ankasiyapo ketulo yawo yabuluu. Nyengo yachisanu iliyonse, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, pamene madzi a mudilamu amabaya ngati singano, ketuloyo ankaipeza ili ndi madzi ofunda. Zaka zisanu ndi ziwiri tsopano! Chaka choyamba anafunsafunsa, aliyense anakana. Tsiku lina analawira dala, napeza madziwo afunda kale. Basi, anatseka pakamwa. Imeneyi inali karama, mphatso imene Allah amapatsa okondedwa ake, ndipo karama siinenedwa pagulu.

Ndiye mbendera ipite kwa Jafali? Iwo ali moyo?

Sanavutike n'kufufuza komwe. M'mawa uliwonse wa Juni ameneyu, Jafali ankalowa mumzikiti maso ali psuu, mkanjo ukununkha utsi. A Twaibu anangofunsa komiti funso limodzi: munthu wonunkha utsi dzuwa lisanatuluke amakhala akusuta chiyani? Akuluakulu anayang'anana. Wina anakumbukira kuti kuseri kwa phiri kuli anthu olima chamba. Wina anati n'chifukwa chake amachedwa. Jafali atafunsidwa anangoyang'ana pansi, nati alibe chonena. Shehe anayang'ana a Twaibu nthawi yaitali, kenako anapempha ndodo yawo n'kutuluka. A Twaibu anati mumtima, chilungamo chimawawa, nkhalamba izolowera.

Tsopano ziyala inali itatsala masiku anayi, ndipo njira inali yoyera. A Twaibu anavula nsapato, nakhala pamwala uja, napinda manja a mkanjo. Ankaiona kale mbendera ija ikukupiza m'manja mwawo, amayi akululutira, Jafali akumvera nkhaniyo pamsewu pakati pa milu ya mbatatesi. Anati "Bismillah," napendeketsa ketulo.

"Mayo!"

Madzi anawaluma mpaka m'mafupa. Zala zija zinakungana. Anaigwedeza ketuloyo, naigwira m'mbali, naisuzumira m'kati. Inali yozizira ngati mwala umene anakhalirawo.

Mantha anawagwira. Kodi Allah wawalanda mphatso yake? Ayi, sizingatheke, alakwa chiyani iwo? Anaganiza pang'ono, ndipo yankho linabwera lokha. Jafali! Wabwera mozemba, wataya madzi odalitsika aja n'kuthiramo a mudilamu. Anthu ansanje ndi otero, chawo palibe koma cha mnzawo aononge. A Twaibu anaimirira mwaukali. Akangomaliza kuitana anthu ku swala apita kwa Shehe, ndipo ulendo uno Jafali achoka mumzikiti mpaka kalekale.

Apo m'pamene anamva mapazi m'kanjira ka m'munda. Munkhungu muja munatulukira mayi atasenza ndowa yotuluka nthunzi. Anali mayi Asiyatu, mkazi wa Jafali. Ataona a Twaibu anadzidzimuka, natula ndowa ija, nagwada. Maso awo anali psuu, chitenje chikununkha utsi.

"Pepani a mwazini, ndachedwa, nkhuni zinanyowa ndi mame. Bambo anandiuza kuti musandione," anatero motsitsa mawu. "Akuti poti iwo aletsedwa kuponda pano, madzi anu aja ndizibweretsa ndine. Akuti zala zanuzo sizifuna madzi ozizira."