Aphunzitsi Sadya Tirigu

Pomwe ankalowa mu lesitilanti ina yapakona, aphunzitsi anali atasiya kuyankhula. Njala inali itawatseka pakamwa. Chichokereni ku hotela m'mawa, m'mimba mwawo munali mutangolowa nthochi imodzi ndi madzi, ndipo basi yobwerera kwawo inali pafupi kunyamuka. Kulephera kudya pamenepa, ndiye kuti ulendo wonse wautaliwo akanayenda matumbo akulira.

Vuto linali tirigu. Abale onse ankadziwa kuti aphunzitsi sadya chilichonse chokhala ndi guluteni, kanthu kaja kopezeka mu ufa wa tirigu, ndipo mlonda wa lamuloli anali akazi awo. Mayiwa lamulo limeneli ankaligwira ndi manja awiri. Tsiku limenelo anazungulira nawo mzinda wonse, foni m'manja, ambulera m'khwapa, kusakasaka malo ophika zopanda tirigu. Kwina anatuluka asanakhale n'komwe pansi chifukwa wophika anali ndi ufa m'nsidze. M'sitolo ina yaikulu anawerenga timalemba ta pamapaketi mpaka wogulitsa anawabweretsera mpando.

Weyitala woperekera zakudya anafika akumwetulira, osadziwa chomwe chinkamudikira.

"Takulandirani mayi, takulandirani bambo. Tikupatseni chiyani?"

"Amuna angawa tirigu ndi mdani wawo," anatero mayiwo. "Kanyenyeswa kokha, tiwatulutsa muno pa machira. Ndiye muganize bwino musanayankhe."

Weyitala anatchula mpunga. Mayi anafunsa ngati supuni yotakasira mpungawo sinalowepo mu supu wothira ufa. Weyitala anayang'ana kudenga. Anatchula tchipisi. Mayi anafunsa ngati mafuta ake si omwe akazingira nkhuku yopaka ufa. Anali omwewo. Soseji inagwa chifukwa amasakanizamo buledi. Dzira lowiritsa, lomwe silinalakwirepo munthu chilengedwere, linagwanso chifukwa poto wake anaphikiramo supageti dzulo lake.

Chakudya chilichonse chikamakanidwa, aphunzitsi ankatsetserekera pansi pang'ono pampando wawo. Patebulo loyandikana nalo bambo wina wonenepa ankang'amba banzi lotentha, batala n'kumayenderera m'zala. Aphunzitsi anameza malovu mokweza moti bamboyo anatembenuza mpando n'kuwafulatira. Kunena zoona, zinali zomvetsa chisoni.

Pamapeto pake panabwera mbale yaikulu yoyera, pakati pake timasamba ta letesi ndi tizidutswa ta nkhaka. Aphunzitsi anatola foloko.

"Taimani kaye, bambo a ana," anatero mayi, n'kuikoka mbale ija. "Nkhakayi aidula ndi mpeni uti? Ine sindikufuna umasiye m'mzinda wa eni."

Weyitala maso anali atalengeza misozi. Chikondi chotere anali asanachionepo pantchito yake yonse, poti ambiri obwera pamenepa ankangokanganirana mchere.

"Bambo, akazi ngati awa sapezekapezeka," anawanong'oneza.

"N'zoona, achimwene," anayankha aphunzitsi ndi mawu ochokera kutali. "Ndine wamwayi."

Mayi anaimirira, ambulera yawo m'khwapa, n'kulunjika kukhitchini kukaona mpeniwo ndi maso awo. Palibe amene anayerekeza kuwaletsa. Wophika, mzimayi wamanja akuluakulu yemwe anamva zonse kudzera pakawindo koperekera mbale, anali atatsuka kale mipeni yonse n'kuiyala patebulo ngati ikupita ku chionetsero.

Koma mlendoyo mipeni ija sanaiyang'ane n'komwe. Anakankha chitseko ndi chidendene, anakhala pa kileti ya zakumwa, navula nsapato zomwe zinali zitawapweteka tsiku lonse.

"Mundipatseko mabanzi otentha aja, asisi. Batala musaumire."

Wophika anawapatsa. Anaganiza kuti mayi wachifundoyu safuna kudya pamaso pa wodwala, ndipo ulemu wake pa iwo unawonjezeka.

"Pepani ndi matenda a bambo," anatero motsitsa mawu. "Nanga adokotala akuti adzachira?"

Mayi anatafuna mosafulumira, anameza, napukuta pakamwa ndi nsonga ya mpango.

"Adokotala ake ati? Bambo aja sakudwala chilichonse. Titangokwatirana ndinawaphikira buledi wanga woyamba, analuma kamodzi n'kunena kuti kuchipatala anawaletsa tirigu. Ine ndikungodikira anene okha kuti bulediyo anali wolimba ngati njerwa. Akangonena, adya lero lomwe. Koma onani, ana athu afika pokwatira, iwo adakalimbikirabe."