Maliro a Msilikali wa Telala

"Mwaponya wani, atelala. Msilikali wanu wafa," anatero wotsogolera masewero a nthano, akutola dayisi, kachidutswa koponya ka manambala, patebulo.

Chimwalirireni mkazi wake, Loweruka lililonse telala ankabwera kulaibulale kuno kudzasewera ngati msilikaliyo, pakuti wosewera aliyense ankakhala munthu wa m'nthanomo. Mwambo wa gululi, lomwe munalinso namwino, dalaivala ndi mphunzitsi, unali woti aliyense anenepo mawu olira wakufayo.

"Anali wosataya mnzake," anatero namwino.

"Ankafika woyamba n'kutiyalira mipando," anawonjezera dalaivala, atayiwala kuti akulira msilikali.

Wotsogolera anakankhira telala pepala latsopano lolembapo munthu wa m'nthano. "Pangani munthu wina, ulendo upitirire."

Telala analibweza pepalalo. Kunyumba ankangomva phokoso la makina osokera basi.

"Musafulumire," anatero chapansipansi. "Aphunzitsiwa sanalankhulepo."