Othamangira Ndege Ina Akweze Manja

Ndege yathu inatera mochedwa, ndipo ine ndi amayi tinali kumpando wakumbuyo kwenikweni. Mayi wogwira ntchito m'ndegemo analengeza m'Chingelezi kuti amene akuthamangira ndege ina akweze manja, atsike moyambirira.

Ankanena ife. Kuiphonya yachiwiriyo, ndiye kuti ukwati wa achemwali mawa lake tikanauonera pa foni.

Dzanja langa linakwera mpaka paphewa. Mtsikana wa mpando wapafupi anandiyang'ana, ine n'kuyamba kukanda khutu.

"Akuti chiyani, iwe wasukulu?" anafunsa amayi.

"Akuti tafika bwino."

"Ambuye atamandike," anatero, n'kuwerama kufunafuna nsapato zawo pansi pa mpando, mosapupuluma.

Pamene ankaweramuka, anthu onse anali ataimirira, kanjira kapakati katadzaza mpaka kukhomo.