Makadi a Lachinayi

Nesi anali akuwerenga khadi lachitatu pamene loya wina analowa m'chipinda chochezera cha odwala sitiroko. Njinga za odwala zisanu ndi ziwiri zinali zitazungulira tebulo. Patebulopo panali kasipika ndi mulu wa makadi. Bambo a loyayo anali kumapeto, pafupi ndi zenera, dzanja lamanja lili gone pamwendo.

Panali patatha miyezi inayi asanawaone. Milandu inamuchulukira, komanso akawaimbira foni ankangomva mawu okoka osamveka, mpaka anasiya kuimba. Mchimwene wake ankanena kuti mutu wa bambo unapita, choncho vayolini yawo ndi makabati awiri a mabuku a nyimbo angozipereka kusukulu. Loyayo anakana, nati akaone kaye yekha.

Anakoka mpando n'kukhala pambali pawo. Bambowo anamwetulira ndi mbali imodzi ya pakamwa. Zala za dzanja lawo lamanzere zinali bii ndi inki. Loyayo anatulutsa kansalu n'kuyamba kuwapukuta mobisa, ngati mmene amachitira munthu ndi mwana amene wadzidetsa pagulu.

Masewerawo sanali ovuta kuwamva. Lachinayi lililonse nesi ankawerenga zizindikiro zitatu za nyimbo ina yakalekale, ya zida zokhazokha yopanda mawu. Odwala akapanda kuidziwa, nesiyo ankaiika pang'ono pakasipika. Woyamba kuitchula ankalandira nyenyezi pabolodi.

Loyayo mtima unakhala pansi. Bambo ake anaimba vayolini zaka makumi atatu m'gulu lalikulu la oimba. Ali mwana, ankawaona akutchula nyimbo ya pawailesi isanafike n'komwe pakati pa mzere woyamba. Apa ndiye akanamutsutsa mchimwene wake.

"Imayamba ndi chitoliro chimodzi chokha," anawerenga nesi. "Pakati pake ng'oma zimalowa ngati munthu akugogoda pachitseko. Woipeka anaipekera mkazi wake atadwala."

Mkulu wina amene kale ankayendetsa basi anamenya tebulo n'kutchula dzina lalitali lachilendo, lilime likupunthwa. Anakhoza. Khadi lotsatira anakhoza ndi mayi wina wosoka zovala. Lina dalaivala yemweyo. Bambo a loyayo anangokhala duu, maso ali pankhope za anzawo, pakamwa pali tseke.

Nkhope ya loyayo inayamba kutentha. Munthu amene ankaimiriridwa ndi holo yonse, lero akupitiriridwa ndi dalaivala wa basi? Anayang'ana pabolodi. Aliyense anali ndi nyenyezi. Dzina la bambo ake panalibepo n'komwe.

Khadi lina linagwera pafupi ndi phazi lake. Analitola. Zilembo zake zinali zokhotakhota, zina zazikulu zina zazing'ono, mzere ukutsetsereka ngati ukuthawa.

"Musadandaule, bambo," anawanong'oneza. "Masewera achibwana awa. Taonani ndi malembedwe omwe, ngati nkhuku yapalasa."

Bambowo anayang'ana kuzenera.

Pa khadi lachisanu ndi chimodzi chipinda chonse chinati zii. Nesi anabwereza zizindikiro, kenako anayatsa kasipika. Vayolini inalira yokha, pang'onopang'ono. Loyayo anaizindikira: inali nyimbo imene bambo ake ankaiyeserera m'mawa uliwonse iye akumanga nsapato za kusukulu. Dzina lake ndi limene sankalidziwa, sanawafunsepo. Anaika foni pansi pa tebulo kuti imvetsere nyimboyo, ndipo dzina linatuluka pafoniyo. Anaweramira kukhutu kwawo n'kuwauza. Iwo anapukusa mutu. Anawauzanso, mokweza pang'ono. Anapukusanso mutu, ulendo uno mwamphamvu.

Apo loyayo anagwira dzanja lawo lamanzere n'kulikweza m'mwamba, nauza nesi kuti bambo ake aidziwa, kungoti mawu akuwavuta. Anatchula dzina lija iye mwini.

Chipinda chinaphulika ndi phwete. Wosoka zovala anaseka mpaka misozi.

"Iyayi, mayi," anatero dalaivala akupukuta pakamwa. "A Vayolini sawerengedwa."

Bambowo anachotsa dzanja lawo m'manja mwake, nalibwezera pamwendo, osamuyang'ana.

Loyayo anatuluka. Ali m'khonde, analembera mchimwene wake uthenga wakuti ananena zoona, bambo ngakhale nyimbo yawo yomwe saikumbukanso, zinthu zija angozipereka. Anautumiza. Kenako anadikira nesi pakhomo.

Nesi atatuluka kukatenga madzi, loyayo anamuimika. Analankhula motsitsa mawu koma mobaya, ngati mmene amafunsira mboni kukhoti. Anafuna kudziwa chifukwa chake munthu wodwala amamukhazika pagulu sabata ndi sabata kuti azisekedwa. Anafunsa ngati pachipatalapo pali amene akudziwa kuti bambowo anali ndani. Anati kuyambira tsikulo asadzawalowetsenso m'masewera amenewo, ndipo akalemba kalata kwa mkulu wa chipatala.

Nesiyo anamumvetsera mpaka kumapeto, jagi ili m'manja. Sanaoneke wokwiya. Anangomuyang'ana ngati akuyesa kumvetsa chimene chalakwika.

"Mayi, bambo anu sangayankhe chifukwa mafunsowa amalemba ndi iwo," anatero. "Khadi limodzi limawatengera tsiku lathunthu. Tonse muno, ndi ine ndemwe, nyimbozi anatiphunzitsa ndi iwowo."

M'chipindamo wina anaitana nesi kuti khadi lomaliza likudikira. Loyayo anatsala pakhomo, akusowa nkhope yolowera.