Chitseko cha Mbali ya Amayi

Panali munthu wina wokonza mafiriji, mwana woyamba kubadwa m'banja la kwawo. Manja ake sankatha kukhala phee. Abale ake ankamuseka kuti mpando ukangolira pang'ono, iye amaumasula miyendo yonse.

Bambo ake atamwalira anasiya galimoto yakale pabwalo la nyumba. Injini inali idakali bwino, koma m'kati munali mutatopa. Mapulasitiki a m'zitseko ndi a kutsogolo anali atatuwa ndi dzuwa, ena atakandikakandika. Amayi ake sankadziwa kuyendetsa, komabe m'mawa uliwonse ankatsegula galimotoyo n'kukhala pampando wawo wa pambali pa dalaivala. Potuluka, maso amakhala atafiira.

Mwanayo atawaona kangapo anaganiza kuti chikuwapweteka n'kuona galimoto ya amuna awo ikutha. Choncho amayiwo atapita kukacheza kwa mwana wawo wamkazi, iye anauza mkazi wake kuti apenta m'kati monse.

"Mwawafunsa apongozi?" anatero mkaziyo.

"Ndikawafunsa akana, ati ndikudzivutitsa. Ndikufuna akangotsegula chitseko adabwe."

"Amuna anga, galimoto ija si firiji ya kasitomala. Aimbireni foni kaye."

"Kodi munthu amapempha chilolezo kuti achite zabwino?"

Mkaziyo anangoti chabwino, n'kupitiriza kusita zovala.

Ntchitoyo anaigwira mosamala, palibe amene angamunene. Anamasula mapulasitiki onse limodzilimodzi osathyola kanthu. Anawatsuka ndi madzi a sopo mpaka litsiro ndi thukuta la zaka zonsezo zinachoka, chifukwa penti sagwira pamalo a mafuta. Atauma anayamba kuwakwecha ndi sandipepa wosalala. Pachitseko cha mbali ya amayi ake, pafupi ndi chogwirira, panali malo ena oyera, onyezimira, okumbika pang'ono timizeremizere. Pamenepo anakwecha kwambiri mpaka panafanana ndi pena ponse. Kenako anapopera penti woyamba, wothandiza kuti winayo amatirire papulasitiki, n'kupoperanso wakuda pang'onopang'ono, akudikira kuti aume asanabwereze. Pobwezeretsa zinthu m'malo mwake anaona kuti chitseko chomwecho sichitsekeka bwino, ndiye anakonzanso loko wake.

Aneba anabwera kudzasuzumira n'kumati galimoto yabadwanso.

Amayi aja atabwerako, asanatule n'chikwama chomwe, mwana wawo anawagwira dzanja n'kupita nawo pagalimoto paja.

"Amayi, tsegulani muone."

Anatsegula, n'kukhala pampando wawo. Anayang'ana uku ndi uku. Atakoka chitseko pang'ono chabe, chinatsekeka mwakachetechete.

"Wakonzanso chitseko," anatero.

"Eya amayi, tsopano ngakhale ndi chala chimodzi chikutsekeka."

Amayiwo anasisita pafupi ndi chogwirira. "Nanga poyera paja?"

"Ndachotsa. Panali patathetheka ndi dzuwa."

"Silinali dzuwa, mwanawe. Zinali zala za bambo ako. Chitseko ichi chinayamba kuvuta iwe usanayambe n'sukulu yomwe. Ndikakwera, iwo ankaweramira kuno, n'kudutsitsa mkono patsogolo panga, n'kuchikoka mwamphamvu. Ndikawauza kuti akachikonzetse ankati, 'Ndikachikonzetsa ndizikuyandikirani ndi chifukwa chanji?' Ndiye m'mawa muja ndimabwera kudzaika dzanja langa pomwe iwo ankaika lawo."

Mwana uja anayang'anitsitsa pomwe amayi ake ankasisita paja. Mkazi wake, amene anaima chapatali, anaweramitsa mutu.

"Ndiuchotsa pentiyu amayi, lero lomwe."

"Pansi pake ukapezapo chiyani?"

Mwanayo ankadziwa kuti pamenepo ndi pomwe analimbikira kwambiri ndi sandipepa uja. Komabe amayi ake atalowa m'nyumba anatenga kampeni n'kupala penti pang'ono pafupi ndi chogwirira. Pansi pake panali pulasitiki yotuwa, yosalala, yopanda mzere ndi umodzi womwe.

Amayiwo sanamukalipire. Pa chakudya anamuuza kuti wagwira ntchito yaluso ndipo akudziwa kuti anachita ndi mtima wabwino. Mawu amenewo anamuwawa kuposa mbama.

Mlongo wake atamva anamuimbira foni. "Achimwene, bwanji simunandifunse ngakhale ine? Nkhani ya chitseko ija ndinkaidziwa. Amayi anandiuza titangochoka kumaliro."

"Ndinkafuna kuwasangalatsa," anatero.

"Ndikudziwa. Koma inu mumaona chilichonse ngati chofuna kukonzedwa."

Kuyambira pamenepo amayi aja sanalowenso m'galimoto muja. M'mawa ankangokhala pakhonde, manja ali pamiyendo. Mwanayo anayesa kuwapempha kuti awatenge akawongole miyendo m'tauni, iwo ankati msana ukuwavuta. Patapita nthawi anamuitana n'kumupatsa makiyi.

"Itenge uziyendera kuntchito kwako. Pano ikungodzaza bwalo."

"Amayi, ndi ya bambo imeneyi."

"Inali ya bambo ako. Itenge."

Mpaka lero akuyendera galimoto imeneyo, zida zake za mafiriji zili kumbuyo. Penti uja sanasupuke pena paliponse. Makasitomala akakwera amasirira m'kati mwake n'kumufunsa amene anamupentera kuti nawonso akapentetse zawo. Iye amangoti ndi munthu wina wake amene anasiya ntchito imeneyo.

Phunziro: Si chakale chilichonse chimene chikudikira kukonzedwa. Pomwe inu mukuona chipsera, mwiniwake mwina akuonapo munthu amene anamusiya. Musanakweche, musanapente, musanataye chinthu cha kholo lanu kapena cha wina aliyense, funsani kaye, pakuti safunsa anadya phula. Tumizirani ena nkhaniyi, makamaka ana amene akusamalira makolo amasiye.