Helemeti ya Mutu Wosokedwa Katatu

Helemeti yachisanu inali itamumeza mtsikanayo mpaka pamphuno pamene mwini sitolo anayamba kuigogoda ndi sipanala.

"Wamva kanthu?" anafunsa.

Mtsikanayo, wa zaka khumi ndi zisanu, anapukusa mutu. Helemeti sinasunthe, mutu wokha ndiwo unazungulira m'kati.

Mayi ake, polowa naye m'sitolo ya zida za njinga zamoto ija, anangonena zinthu zitatu. Kunyumba kwawo kuli khunyu. Mutu wasokedwa katatu chaka chomwechi. Dokotala wanenetsa kuti ukang'ambikanso, iye alibe poti n'kulowetsa singano. Zotsalazo mwini sitolo anamalizitsa yekha. Anali munthu woti ukangoti "dzulo", amayamba kukufotokozera zimene zinakuchitikira dzulolo.

Mayiwo anatulutsa chingwe cha nsapato chomanga mfundo, muyeso umene anatenga kunyumba. Mwini sitolo anachitambasula n'kuseka mpaka kugwira pamimba.

"Mayi, mwayeza mutu kapena ndowa? Mwana ali pompano, chingwe n'chachiyani?"

"Komatu bambo..."

"Ndikudziwa, akuchita manyazi. Onse amatero."

Anatsitsa yapinki ya timaluwa. Anatsitsa yakuda yokhala ndi galasi kumaso. Anapatula tsitsi la mtsikanayo kufunafuna zipsera, ndipo atalephera kupeza ngakhale chimodzi anayamikira dokotalayo kuti akanakhala telala, bwenzi masuti ake akulimbiranidwa. Kenako anadziveka yofiira, nabwerera m'mbuyo masitepe anayi, n'kukagunda khoma ndi mutu kuti aonetse kulimba kwa katundu wake. Magalasi a njinga awiri anagwa pashelefu n'kusweka. Iye anati zimenezo n'zazing'ono.

Pa helemeti iliyonse mayiwo ankafunsa funso limodzi lomwelo: "Yokulirapo ilipo?"

Apa mwini sitolo zinamukwana. Amawadziwa bwino makolo. Nsapato amagula zoti mwana akule nazo, yunifomu yoti akule nayo, lero afika mpaka pa helemeti. Anakwera pampando uku akung'ung'udza, n'kutsitsa yaikulu kwambiri imene inakhala zaka zitatu osapeza mutu. Mayiwo anazunguliza chingwe chawo m'kati mwake, nagwedeza mutu.

Mtsikana uja anaikumbatira helemetiyo pachifuwa, misozi ili lengelenge. Anali ndi mantha, ndipo anali atatopa nawo. Mwini sitolo, amene pakamwa pokha ndi pomwe panali povuta, anagwidwa chisoni.

"Usalire, mwanawe. Tiikamo thonje ikukwane. Mutu wakowu sudzang'ambikanso."

"Wangawu sunang'ambikepo, bambo," anatero mtsikanayo. "Ine ndimamva khunyu likamabwera, ndiye ndimagona pansi ndekha. Koma bambo anga akangondiona ndikuphiriphitha, amakomoka chiimire. Katatu konse amenyetsa mutu pakona ya tebulo."