Mayi wa Kumbuyo kwa Zithunzi

Don Evelio anayala malenzi atatu pa kauntala ya shopu yake ya makamera, koma Yurany sanawayang'ane. Maso ake anali pakhomo. Dzanja lake linali litagwira phewa la Salomé, mwana wake wa zaka zisanu ndi chimodzi, yemwe ankanyambita mchere pa mango osapsa.

Loweruka banja lonse linali ndi ulendo wa ku paki ya masewera, kunja kwa tauni ya Pereira. Mwamuna wake, Wílmer, anali atagula kale matikiti. Kamera inalipo, yogula kwa mnzake wa kuntchito. Chimene chinatsala chinali lenzi.

"Ku paki, mayi, simufunika kusenza chikwama ngati bulu," anatero mkuluyo, akunyamula lenzi yaitali. "Imodzi yomweyi ikwanira. Mukaipotokola uku, banja lonse lilowa, ngakhale apongozi atanenepa chotani. Mukaipotokola uku, mumukoka mwana ali pamwamba pa chigudumu chachikulu chokwerapo anthu chija, mpaka muona mano amene aguluka. Si choncho, dona wamng'ono?"

Salomé anaseka, mpata wa m'kamwa uli poyera. Yurany sanaseke. Anatulutsa foni m'chikwama n'kuiika pa kauntala.

Pa chithunzi choyamba Salomé ankadyetsa nkhunda pa bwalo la tchalitchi chachikulu. Kumbuyo kwake, pafupi ndi mtengo, panaima mayi wa juzi yotuwa. Chachiwiri chinali cha pa Khirisimasi, pakati pa nyali zokongoletsa mumsewu. Mayi uja analipo. Chachitatu, ku malo oonetsera nyama, analiponso, juzi yake yomweyo, manja ali pachifuwa. Nkhope yake inali yaing'ono, yosaoneka bwino. Pa zithunzi zonsezo sankayang'ana kamera. Ankayang'ana ana.

"Mukumudziwa?" anafunsa Don Evelio, nthabwala zitamuthera.

"Amangopezeka paliponse pamene pali ana," anayankha Yurany motsitsa mawu.

"Ndi mzukwa," anatero Salomé. "Amayi amati ndisamamuyang'ane."

Mkuluyo anachita chizindikiro cha mtanda. Anakokera foni ija kufupi ndi magalasi ake, napukusa mutu.

Chiyambire kuona mayiyo, mtima wa Yurany sunakhalenso m'malo. Anasintha njira ya kusukulu. Anamumeta Salomé tsitsi lake lomwe linkafika m'chiuno. M'basi ankamukhazika pa miyendo ngati khanda, pa msika ankamugwira dzanja mpaka mwanayo kudandaula kuti likuwawa. Wílmer ankamuseka kuti amaopa ndi mthunzi wake womwe. Ulendo wa ku pakiwu anaukana kawiri, koma Salomé analira mpaka kuleka kudya. Ndiye Loweruka adzakhala pakati pa chikhamu cha anthu, zipata zambirimbiri, ana akuthamangira uku ndi uku. Ankadziwa kuti mayi uja sangalephere kukhalako.

"Mzukwa suvala juzi, mwana wanga," anatero Don Evelio. "Uyu ndi munthu, ndipo anthu otere tinamvapo mbiri yawo. Ndiye mverani. Lenzi yaitaliyi ndi yanu basi. Mukangomuona, imani patali ngati mukujambula mwana pa kasitima, mukokeni, nkhope yake idzaze chithunzi chonse. Mphwanga ndi wapolisi. Lolemba mudzabwere nacho kuno, tidzapite limodzi."

Kunja kunadutsa mayi wina atafunda chotuwa, ndipo zala za Yurany zinalowa m'phewa la mwanayo.

"Amayi, mukundipweteka!"

Sanali iyeyo. Anali wogulitsa maluwa.

"Nanga kakang'onoka?" anafunsa Yurany, akuloza lenzi yachitatu.

"Ako n'ka nkhope basi. Sikakoka zakutali, sikatambasula. Ku paki mukavutika nako, muzikayenda chammbuyo kuti anthu akwane." Anakamangirira pa kamera monyinyirika. "Taima apo pakhomo, dona wamng'ono. Mwetulira."

Anamuonetsa Yurany chithunzicho. Salomé anaoneka bwinobwino, nsidze iliyonse payokha, timchere tili pamlomo. Koma kumbuyo kwake msewu wonse unali utasungunuka. Mabasi, ogulitsa khofi, anthu odutsa, zonse zinangokhala nkhungu ya mitundumitundu. Munthu sakanatha kunena kuti uyu ndi mwamuna kapena mkazi.

Kwa nthawi yoyamba chilowereni m'shopumo, Yurany anapuma mpweya wonse.

"Ndipatseni kameneka."

"Mayi, mwandimva koma? Wakuba ana simungamuthetse pomufufuta pa chithunzi. Adzakhalapobe, kungoti inuyo simudzamuona."

"Ndamva, bambo. Ndikulungireni kameneka."

Don Evelio anakweza mapewa n'kuyamba kukulunga, akung'ung'udza za amayi a masiku ano. Yurany atacheuka anapeza Salomé watenga foni ija. Anali ataika tizala tiwiri pa mayi wa juzi yotuwa, akumukulitsa pang'onopang'ono, mutu ataupendeketsa. Yurany anamulanda foniyo mwamphamvu mpaka mango aja anagwa pansi.

"Tiye kunyumba."

Anamukoka dzanja, kabokosi ka lenzi kali kukhwapa. Pakhomo anaima, nayang'ana kumanzere, kumanja, kutsidya kwa msewu.

Iye sankafunikira lenzi yaitali kuti aidziwe nkhope ya mayi uja, ndipo chaka chilichonse Salomé ankanka nafanana nayo. Anaionera pafupi kamodzi kokha, pa depoti ya mabasi ku Ibagué, tsiku limene mayiyo anamupatsira khanda la miyezi iwiri n'kunena kuti, "Chemwali, tandigwirirani mwanayu, ndikangogula tikiti." Yurany sanamudikire.